Chithokomiro cha Kameta

Mpaka lero, thobwa likagona m'ndowa n'kuyamba kusasa, ine sindiliyandikira. Ana anga amandiseka, amati amayi ali ndi mphuno za galu, ndipo ndimangowasiya poti sadziwa kanthu. Fungo limenelo, lowawasa, lofuna kutsekemera koma lobweza malovu kukhosi, ndinayamba kulimva m'kamwa mwa nkhuku. Chinali chaka chimene achemwali anga a Asiyatu anakwatiwa ku Chipoka, m'nyengo ya mwera, ine ndili kamtsikana ka sitandade folo, kotuwa miyendo, kamakani osati masewera.

Mwera ukafika kwathu kunyanja, mudzi wonse unkasanduka wa anthu okwiya. Mphepo inkaomba osapumira, mchenga n'kumalowa m'maso, m'mano, ngakhale m'ndiwo momwe. Mafunde ankakula moti maboti ankangowakokera kumtunda, ndipo matandala oyanikapo usipa ankakhala mbee, kungotsala fungo lokha. Amuna akasowa kolowera ankayamba kusoka maukonde. Ababa anali ndi malo awo apamtima, kuseri kwa nyumba yathu, m'kati mwa mpanda wa bango, pansi pa mtengo wa mango pomwe mphepo sinkafika. Ankatambasula ukonde wawo wobiriwira kuchokera pa tsinde mpaka pa mzati wa khitchini, iwo ndi anzawo awiri a m'boti, chala chachikulu cha kuphazi chitakola ukonde, manja akuluka, kalezala kali pabondo. Akamanga mfundo ankadula nsonga ya twaini, ulusi wosokera ukondewo, n'kuigwetsa pansi, ndipo ukonde ukagwedezeka pankayoyoka mamba ndi timitu ta usipa touma. Nkhuku zathu zinkaswera pomwepo, kupalasa pakati pa miyendo ya anthu, popanda wozipirikitsa.

Mwa nkhuku zimenezo, imodzi inali yanga. Achemwali ndiwo anandilera kuposa amayi, poti amayi ankakhalira kudoko ndi kumsika ndi nsomba. Ndiwo ankandisambitsa, ndiwo ankandiluka tsitsi akundigogoda ndi chipeso ndikagwedezeka, ndipo tinkagona pa mkeka umodzi, chitenje chimodzi. Tsiku lopita kubanja kwawo, katundu ali kale pa galimoto, anabwerera kuseri kwa nyumba n'kugwira msoti wawo wa khosi lopanda nthenga, mtundu uja timati kameta, n'kundipatsa m'manja.

"Patuma, usalire. Uyu ndakusiyira iwe. Ndikadzabwera pa Idi ndidzapeze anapiye, wamva?"

Ndinagwedeza mutu, mamina ali chuchuchu. Dzina sitinavutike nalo, anangokhala Kameta basi.

Kukongola ayi, tisaname, Kameta sanali wokongola. Khosi lake linali psuu ngati alikhuthulira madzi otentha, ndipo mlongo wanga wamng'ono, Yusufu, ankati ndi nkhuku yothawa m'manja atayamba kale kuisosola. Koma khosi lambulandalo linali ndi ubwino wake. Chithokomiro, kathumba kaja ka m'munsi mwa khosi momwe chakudya chimayamba chafikira, chinkaonekera poyera. Madzulo polowa m'khola chinkakhala chodzaza ngati kampira, m'mawa potuluka chitaphwa, khungu lili lende. Ndinazolowera kuchiyang'ana monga momwe ababa ankayang'anira mitambo, ndipo mwera utayamba Kameta anali atayamba kutetera, kufunafuna poikira mazira. Ine anapiye aja ndinali nditawawerengera kale mumtima, ena ndi mayina omwe.

M'mawa wina ndinatsegula khola, nkhuku zonse zinathamangira kunja, Kameta n'kutuluka pomalizira mwaulesi. Chithokomiro chinali chisanaphwe. Nditachigwira chinali gwa, ngati mango osakhwima, chitapendekera mbali imodzi. Ankatambasula khosi, kulipotokola ngati munthu wobayidwa ndi munga wa chambo, n'kuyasamula popanda mawu. Ndinathamangira kwa amayi, amene anali kupeta mpunga pakhonde, ndipo iwo osadzutsa n'komwe mutu anati yakhuta imeneyo, ndisawasokose. Mawa lake chotupa chija chinali pomwepo, chitakulako. Kameta anasiya kupalasa, anangoima padzuwa nthenga zili nyankhalala, maso akutsinzina.

Ndiye abiti Saidi, oyandikana nafe, anasuzumira pa mpata wa mpanda n'kumuona. Sanafunse, sanayandikire, anangokuwa kuti, "Chitopa! Kwa anzathu kuno kwagwa chitopa!" Mawu amenewo kwathu ndi chimodzimodzi kukuwa kuti moto, chifukwa chitopa chikalowa m'mudzi chimasesa makola onse. Posakhalitsa pakhomo pathu panadzaza madokotala. Wina anabwera ndi tsabola wa kambuzi wosinjira m'madzi, wina phulusa, wina makungwa owawa oviika m'chitini, abiti Saidi eni akewo anamasula kapisozi wa anthu pa mfundo ya chitenje. Aliyense ankamukanula Kameta kukamwa, kuthira zakezo, n'kumapita akupukuta manja, atakhutira kuti wathandiza. Nkhuku yanga inangotsala wefuwefu, mlomo uli noninoni ndi tsabola.

Abale inu, ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma. Chitopa ndinkachidziwa, chinatimalizira nkhuku chaka chapitacho. Chimagwira khola lonse, zitosi zimabiriwira, nkhuku zimabanika popuma, makosi n'kupotokera kumsana. Apa zinzake zonse zinali gwa, tambala akuthamangitsa misoti monga mwa masiku onse. Ndinkawagwira dzanja akuluakulu aja kuti tagwirani apa, pali chotupa, koma aliyense ankabweza dzanja ngati ndikumugwiritsa khala la moto. Abiti Saidi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kufunsa amayi kuti mwanayu za nkhuku anaphunzira liti, kapena kusukuluko ayamba kuphunzitsa uvetenale. Onse anaseka. Ndinapsa mtima moti ndinapita kuseri kwa khitchini kukamenya ndowa ndi phazi, chala n'kutupa.

Ababa sanali munthu wa mawu ambiri. Madzulo a tsiku limenelo, pochokera ku mzikiti, anaima pa dengu lomwe ndinavundikira Kameta, analitukula pang'ono ndi phazi n'kuyang'ana kanthawi. Kenako anati, "Nkhuku ikadwala sitiionerera. Mawa ndizinga."

Kwathu ndife Asilamu, ndipo chiweto chofa chokha ndi haramu, sichilowa mumphika. Chimakatayidwa kudzala, agalu n'kuchita nacho phwando. Kuti chidyedwe ayenera kuchizinga munthu wamwamuna, kuchidula pakhosi chili chamoyo, atatchula Bisimila. Tsono m'nyengo ya mwera ndiwo zinkavuta zedi. Tinali titatopa ndi mfutso ndi usipa wakale wowawa, wongotsala minga. Kwa ababa, kusiya nyama kuti ife yokha anthu akudya zoterozo kunali kutaya riziki, chakudya chimene Mulungu wapereka. Zonsezo ndinkazidziwa, koma tsiku limenelo sizinandilowe m'khutu. Ndinadzigwetsa pamchenga, ndinawagwira mwendo, ndikukuwa kuti ndi ya achemwali, achemwali adzapeza chiyani pa Idi. Ababa ankadana ndi phokoso kuposa china chilichonse.

"Chabwino, dzuka. Ndakupatsa mpaka Ijumaa. Ikapanda kudzuka, ndisadzamve kulira."

Ijumaa, tsiku Lachisanu, linali lisanayandikire kwenikweni, ndipo mawu amenewo ndinawamanga pa mfundo.

Mwayi wanga unabwera pa kabaza. Kunali mayi wina wa ku Chinguluwe, a Nabanda, amene ankabwera ndi thumba la mpunga kudzasinthitsa ndi usipa wouma. Anali mayi wonenepa, Mkhristu, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu. Ulendo umenewo anapeza matandala ali mbee, ndiye anangokhala pakhonde pathu kudandaula za mphepo ndi za msana wawo. Atandiona nditafukata nkhuku ngati mwana anati nditabwera nayo. Anachita chimene mudzi wonse unakana, anagwira chotupa chija ndi zala, kuchikanikiza uku ndi uku, n'kununkhiza kukamwa.

"Chitopa chake chiti? Chithokomiro chatseka ichi. Kwathu zimatero zikameza udzu wautali kapena mapesi a mpunga, zimapotana m'katimu n'kutseka njira."

Anandilangiza bwinobwino, akundiloza ndi chala. Ndisaipatse chakudya ngakhale kambewu kamodzi, koma madzi okha, ofunda pang'ono. Ndiziidonthezera mafuta ophikira m'mbali mwa mlomo, pang'onopang'ono kuti isatsamwe, kenako ndizisisita chotupacho mofatsa mpaka chifewe. Ndisayerekeze kuizondotsa kuti isanze, ingandifere m'manja. Ine mtima unangoti myaa. Ndinayang'ana amayi ndi diso loti mwamvatu, koma iwo ankangoyeza mpunga m'mbale, nkhope ili gwa. A Nabanda atangokwera kabaza wawo, amayi anatsonya n'kunena kuti anthu a kumtunda ali ndi nzeru zawo, kuchiza kwa mtundu wanji komana wodwala chakudya.

Mafuta okha anandipatsa, monyinyirika, m'kachivindikiro ka botolo, akundikumbutsa kuti mafuta sayenda mumpopi. Ndinasamutsira dengu m'khitchini, pakona pomwe panali kafundidwe, n'kuyala chiguduli pansi. M'mawa ndisanapite kusukulu, masana ndikaweruka, madzulo ndikachoka ku madarasa, ndinkakhala pansi miyendo nditatambalala, Kameta ali pamiyendo. Ndinkaviika kanthenga m'mafuta n'kudontheza, iye akumeza mokakamizika, diso limodzi likundiyang'ana. Khungu la pakhosi linali lofunda, loterera, ndipo m'kati ndinkamva timbewu tikusuntha pansi pa zala zanga. Ndinkamuyankhula za achemwali, za anapiye, za Idi, utsi ukundiliza maso, mphepo ikuliza malata kunja. Pofika mawa lake madzulo chotupa chija chinafewako, ndipo Kameta anachita kachitosi kakang'ono. Ndinakaitana Yusufu kuti adzaone, ndikuvina, ngati ndatola ndalama panjira.

Kutacha ndinapeza chithokomiro chili gwa kuposa kale, ndipo pansi pa dengu panali kambale ka phala la mpunga kodyedwa theka. Ha! Amayi sanabise n'komwe, anati anamva chisoni, nkhukuyo inkawayang'ana iwo akuphika. Kwathu wodwala sagona ndi njala. Munthu akadwala malungo amamukhalira pamutu ndi phala mpaka ameze, ndipo mayi amene wodwala wake sanadye amayesedwa wouma mtima. Amayi anangotengera lamulo lomwelo kwa nkhuku. Ndinafotokoza, ndikulira, kuti njira yatseka, chilichonse chimene akuthira chikungounjikana pamwamba, koma kunali kutunga madzi ndi lichero. Anati ndisawaphunzitse kulera, anandilera ine ndi achemwali anga omwe popanda a Nabanda.

Ndinayambiranso. Mafuta, madzi, kusisita. Chikafewa pang'ono, ndikangotembenuka, wina wadyetsa. Yusufu ankalowetsa timitu ta usipa pa mipata ya dengu, ati akumupatsa mphamvu. Abiti Saidi anabweranso ndi tsabola wawo ine ndili kusukulu, n'kuwonjezera madeya onyowetsa. Ndinayesa kusanjika mwala pa dengu, anauchotsa. Ndinayesa kubisa dengu kuseri kwa bafa, amayi analibweza ati kukuzizira. Nditakadandaula kwa ababa, ali pa ukonde wawo, sanasiye n'komwe kuluka. Anati kumana chiweto chakudya uli nacho m'manja ndi tchimo, ndipo amayi ako akuchita bwino. Tsono ndikanakasuma kwa yani, poti akuba ake anali eni nyumba, ndipo onse ankaba mwachifundo? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndinkangoyenda ndwii, osayankha moni, ndipo kusukulu aphunzitsi anandikwapula chifukwa chosamva funso.

Kenako kunabwera fungo lija. Tsiku lina ndikusisita, chithokomiro sichinalinso cholimba, chinali ngati kajumbo kodzaza madzi, kolira kuti khuvukhuvu ndikakanikiza. Pansi pake pokha ndi pomwe panatsala kanthu kolimba, kozungulira, kosasuntha. Kameta anayasamula, m'kamwa mwake n'kutuluka mpweya wa thobwa losasa, timadzi totuwa tikudontha pa chitenje changa. Zakudya zonse za anthu achifundo zija zinali zikuwira m'katimo. Lipombo lake, kanyama kofiira ka pamutu kaja, linayamba kuda n'kugwera mbali. Nditamunyamula anali wopepuka ngati mtolo wa nthenga, fupa la pachifuwa likundibaya m'dzanja. Komabe ndinkati a Nabanda ananena kuti chikafewa ndiye kuti chikutheka, ndipo Ijumaa linali lisanafike.

Lachinayi m'mawa ababa anandipeza m'khitchini ndi kanthenga kanga. Kameta anali atagona chammbali, mutu uli pa chiguduli, koma nditamudzutsa anakhala tsonga. Ababa anagwada, chinthu chimene sankachita m'khitchini, n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Ndinafulumira kuwakumbutsa kuti lero ndi Lachinayi. Anangoti ndichedwa kusukulu, ndizipita. Ndinapita ndikucheuka.

Pobwera masana ndinaona nthenga ndisanalowe n'komwe mumpanda. Mphepo inali itazimwaza panjira, zina zitakodwa m'bango, zofiirira, za madontho akuda. Ndinazidziwa. Kuseri kwa khitchini amayi anali atakhala pa mtondo wogoneka, beseni lili pakati pa miyendo, m'menemo muli kanyama kowonda, kotuwa, kosakwana n'komwe dzanja la munthu wamkulu. Sindikumbuka zonse zimene ndinanena. Ndikudziwa kuti ndinataya makope pamchenga, ndinakuwa kuti lero si Ijumaa, lero si Ijumaa, mpaka abiti Saidi anasuzumiranso pa mpata wawo uja. Amayi anati inali ikutha, ababa akanachedwa pang'ono ikanapita kudzala, ndipo ndisiye kuchititsa manyazi.

Ndinakana kuchoka. Ndinati ang'ambe chithokomirocho ine ndikuona, ndione chitopa chawocho. Amayi anatsonya, koma analowetsa mpeni. Munatuluka madzi onunkha moti tonse tinatembenuza nkhope, kenako phala la mpunga, madeya, timitu ta usipa ta Yusufu, njere za tsabola. Pansi pa zonsezo panali chibulumwa chonga dzira la nkhunda. Amayi anachitsukuluza m'beseni, ndipo madzi atachoka chinaoneka mtundu wake. Chinali chobiriwira. Sunali udzu, sanali mapesi a mpunga. Zinali nsonga za twaini, zambirimbiri, zopotana ndi mamba a nsomba, zolukana zolimba ngati wina anachita kukhalira pansi kuziluka.

Ndinachitsomphola m'manja mwa amayi n'kuthamangira ku mtengo wa mango. Ababa anali pomwepo ndi anzawo awiri aja, ukonde uli tambalale, nkhuku zikupalasa m'miyendo mwawo monga mwa masiku onse. Mwana wamkazi kwathu safika pa gulu la amuna ali chiimire, amagwada patali n'kudikira kuti amufunse. Ine ndinafika ndili njo, n'kuponya chibulumwa chija pa ukonde, patsogolo pawo penipeni.

"Si chitopa ichi. Ndi twaini wanu. Mwaipha kawiri."

Anzawo aja anazyolika, wina n'kuyamba kufunafuna lezala lomwe linali m'manja mwake. Ndinkadikira khofi, ndipo ndinali wokonzeka kulilandira. Koma ababa anangotola chinthu chija, n'kuyamba kuchimasula ndi zikhadabo, kansonga kamodzikamodzi, akuyala pabondo. Tina tinali ndi mfundo kumapeto, mfundo zawo zomwe. Anayang'ana pansi pomwe anakhala, pomwe mchenga unali wobiriwira ndi tinsonga, tambala akutola kena n'kukapukusa. Amene anandikoka khutu mpaka m'nyumba ndi amayi, akundifunsa ngati ndabadwa lero.

Madzulo nkhuku inaphikidwa, fungo lake n'kudzaza mpanda wonse, ndipo m'mimba mwanga munkalira mopanda manyazi. Ndinakana kudya. Ndinakhala pakona ya khitchini pomwe panali dengu, nditafulatira, ndikudya mfutso wozizira. Ababa ankadyera pakhonde ndi Yusufu, ndipo monga mwa mwambo amayi anaikira ababa ntchafu ndi nthutumba, poti nthutumba ndi ya mwini nyumba, wina saikhudza. Ntchito yochotsa mbale inali yanga, ndiye ndinapita ndikukoka miyendo. Yusufu anali atanyambita mbale yake mbee. Mbale ya ababa inali momwe inapitira, ntchafu ili apo, nthutumba ili apo, msuzi utagwirana pamwamba. Anali atadya nsima yawo ndi mchere wa m'kambale. Amayi atailandira anaiyang'ana, anayang'ana kukhonde, n'kuivundikira osafunsa.

Kutacha, pa Ijumaa lenilenilo, ndinadzidzimuka ndi phokoso la tsache. Ababa, munthu amene sindinamuonepo atagwira tsache chibadwire, anali akusesa pansi pa mango, kuwola mchenga ndi manja n'kukathira pamoto, twaini akununkha popsa. Atatha anapinda ukonde, anausenza paphewa n'kutuluka nawo mumpanda. Kuyambira tsiku limenelo ankasokera kunyanja, pambali pa boti, pamtetete pomwe mwera umamenya munthu mwachindunji. Anzawo aja anadandaula, wina mpaka anasiya kubwera. Ababa ankabwerako milomo itang'ambika, maso ali psuu ndi mchenga, zala zitauma moti ankavutika kugwira kapu ya tiyi. Ine ndinati eya, andikwiyira, nyama yanga akana, pakhomo athawapo kuti asamandione. Nanenso ndinawakwiyira. Mwera wonse umenewo moni wanga unali wa pakamwa pokha, madzi osamba ndinkawaikira osawauza kuti ndaika.

Idi inafika kutatentha, nyanja itagona, usipa utadzazanso matandala. Achemwali anatsika galimoto atanenepa, ali ndi pakati, atavala chitenje chonyezimira. Ndinali nditakonzekera kwa miyezi momwe ndidzawafotokozere, ndipo nditawapeza okha ndinayamba, misozi ili kale m'maso. Anandimvetsera akumasula katundu, kenako anati, "Iti? Ya khosi lonyansa ija? Aa, Patuma, nkhuku ndi nkhuku, ndidzakupatsa ina." Anandipatsa masiwiti n'kutuluka kukalonjera abiti Saidi. Ndinatsala nditagwira masiwitiwo, osadziwa kuti tsopano ndikwiyire yani.

Pano ndine mayi wa ana anga, ndimakhala ku Salima m'tauni, ndipo kuseri kwa nyumba ndili ndi khola langa. M'mawa uliwonse ndisanazitsegulire ndimazigwira pakhosi imodziimodzi. Ndachizapo zingapo ndi njira ya a Nabanda, madzi, timafuta, kusisita ndi kuzimana chakudya, ndipo ana anga amadziwa kuti wodyetsa nkhuku ya m'dengu alimbana ndi ine. Zomeza udzu zambiri zimadzuka. Koma ndinadziwanso chimene sindinkafuna kudziwa nthawi ija, kuti twaini sasungunuka ndi mafuta. Amayi akanapanda kuthira phala, Yusufu akanasunga timitu take, ababa akanadikira Ijumaa, Kameta akanapitabe, kungoti akanapita kudzala. Ndinkalondola kuti sichinali chitopa, ndipo kulondolako sikukanapulumutsa kanthu.

Ababa anasokera kunyanja mpaka maso awo atasiya kuona mfundo. Mthunzi wa mango uja unangokhala wa nkhuku ndi ana. Nditakula ndinkawapititsira tiyi kumeneko, ndipo ndinkaona kachitini kali pambali pawo, nsonga iliyonse akadula ankaponya m'menemo, mphepo ikaulutsa kamodzi ankadzuka kukatola. Za Kameta sitinakambiranepo, ngakhale tsiku limodzi, mpaka anatisiya. Ndili mwana ndinkati bambo amene wabweza nthutumba n'kusamuka pamthunzi pake ndiye kuti wakwiya ndi mwana wamwano. Panatenga zaka kuti ndizindikire kuti kwathu bambo sagwada kupepesa kamtsikana ka sitandade folo, ndipo mawu amenewo ababa analibe. Anali ndi mbale ija, ndi tsache, ndi mphepo ya mwera, ndipo anandipepesa nazo zaka zonsezo, ine ndikuwaikira madzi osamba osawauza.